Lachisanu Loyera la 1992

Achinyamata anzathu, chaka chilichonse Lachisanu Loyera likafika, maofesi a pa boma la Ntcheu amatsekedwa, ana asukulu amakhala pakhomo, ndipo ife timayenda Njira ya Mtanda popanda wotifunsa. Tazolowera mwakuti ena amati boma ndi Mpingo n'chimodzimodzi. Mbiri siikunena choncho.

Pamene Abambo a Montfort anafika ku Nzama, kuno kwathu, mu 1901, dziko linali kale m'manja mwa Angelezi. Tchuthi cha Khirisimasi, cha Lachisanu Loyera ndi cha Lolemba la Pasaka chinabwera ndi kalendala ya atsamundawo, ndipo titalandira ufulu mu 1964 boma la Dr Kamuzu Banda linachisunga. Boma lomwelo mu 1967 linaletsa a Mboni za Yehova, ndipo ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique.

Tsopano tifike pa 1992. Pa 8 Malichi, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya Aepiskopi yodzudzula umphawi, kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu ndi kutseka pakamwa mtundu wonse. Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo kunasanduka mlandu. Nyumba yosindikiza mabuku ya a Montfort ku Balaka, kwa anansi athu, inatenthedwa. Pa 17 Epulo, Monsinyo John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, analamulidwa kutuluka m'dziko muno pasanathe maola 24. Tsikulo linali Lachisanu Loyera, tsiku limene boma lenilenilo linali litapereka kuti Akhristu akapemphere! Maofesi anali otseka, koma lamulo lothamangitsa mbusa linapeza njira yake.

Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 inatsegula khomo la zipani zambiri, ndipo Malamulo oyendetsera dziko a 1994, m'gawo 33, anapatsa munthu aliyense ufulu wa chipembedzo. Malamulowo sanasankhe mpingo wa boma. N'chifukwa chake lero abale athu Asilamu nawonso ali ndi tchuthi cha Eid, ndipo ife timapuma nawo limodzi.

Masiku ena aakulu a Mpingo boma siliwadziwa n'komwe. Lachitatu la Phulusa timalawirira ku Misa, kenako timathamangira ku sukulu, kumunda kapena kumsika wa ku Lizulu, phulusa lili pamphumi.