Pamene Zotsatira za Magazi Zikunena Kuti "Mulibe"

Ambirife tikamva kuti magazi ayezedwa ndipo sanapezeke ndi kachilombo, mtima umakhala pansi. Mbiri ya matenda otupa chiwindi, omwe madokotala amawatchula kuti hepatitis, yandichititsa kuona kuti yankho limenelo limadalira chimene akuchifufuza m'magazimo, komanso mphamvu ya chitetezo cha m'thupi la woyezedwayo.

Mu 1965, Baruch Blumberg ndi Harvey Alter a ku America anafalitsa lipoti la kanthu kachilendo komwe anakapeza m'magazi a munthu wina wa mtundu wa Aborigine wa ku Australia. Anakatcha Australia antigen. Poyamba sanadziwe kuti n'kachiyani, koma anaona kuti kamapezeka kawirikawiri mwa odwala khansa ya m'magazi, mpaka anaganiza kuti mwina n'kokhudzana ndi khansayo. Pofika mu 1967 zinayamba kuoneka kuti kanthuka ndi chikopa cha kachilombo ka hepatitis B. Odwala khansawo ankapatsidwa magazi kambirimbiri, ndipo matupi awo ofooka ankalephera kuchotsa kachilomboka. Choncho anthu achitetezo chochepa ndiwo anathandiza kuti njira yoyamba yoyezera ipezeke. Blumberg analandira mphoto ya Nobel mu 1976.

Kufunika kwa njirayi kunaoneka msanga ku Britain. Mu 1969 ndi 1970, hepatitis B inabuka ku Edinburgh pakati pa odwala impso omwe ankatsukidwa magazi ndi makina, ndipo ena mwa odwala ndi ogwira ntchito anamwalira. Odwala impso ambiri sankaonetsa chikasu m'maso, koma ankasunga kachilomboka n'kumapatsira ena. Lipoti la Rosenheim la mu 1972 linalangiza kuti odwala ndi ogwira ntchito aziyezedwa pafupipafupi, ndipo opezeka nako azithandizidwa paokha.

Vuto lenileni linadza ndi hepatitis C. Kachilombo kake kanadziwika mu 1989, pa kafukufuku wa gulu la Michael Houghton, ndipo njira yoyamba yoyezera inkafufuza ma antibody, zida zimene thupi limapanga likakumana ndi kachilombo. Munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri, monga wodwala Edzi, wotsukidwa magazi kapena woikidwa impso ya munthu wina, amatha kuchedwa kupanga zidazi kapena osapanga n'komwe. Magazi ake amaonetsa ngati alibe kanthu pamene chiwindi chikuwonongeka. Chimene chinathandiza ndi njira ya PCR, yomwe Kary Mullis anatulukira mu 1983, chifukwa imafufuza kachilombo kenikeniko.

Zomwezi zinabwerezedwa mu 2008, pamene madokotala a ku Toulouse ku France anaonetsa kuti hepatitis E, yomwe anthu ankaiona ngati matenda osakhalitsa, imatha kukhazikika mwa anthu oikidwa ziwalo. Mu 2013, bungwe la FDA ku America linachenjeza kuti mankhwala a rituximab, omwe amafooketsa chitetezo, angadzutse hepatitis B yomwe inagona m'chiwindi, ndipo odwala aziyezedwa asanayambe kuwalandira.

Kwathu kuno nkhaniyi ikutikhudza kudzera mu HIV. Mankhwala a tenofovir ndi lamivudine, omwe ali m'ma ARV amene anthu ambiri amamwa ku Malawi, amalimbananso ndi hepatitis B. Munthu amene ali ndi tizilombo tonse tiwiri akasiya kapena kusinthidwa mankhwalawa popanda kuyezedwa, chiwindi chake chikhoza kutupa mwadzidzidzi.

Ine ndikuona kuti phunziro la zaka zonsezi ndi limodzi: njira yoyezera yopangidwa poganizira munthu wathanzi imaphonya amene ali pachiopsezo chachikulu. Ngati muli ndi m'bale amene chitetezo chake n'chochepa ndipo wayezedwa matenda a chiwindi, funsani adokotala ngati anafufuza ma antibody okha kapena kachilombo kenikeniko.