Odulidwa Mgonero: mwambo wochokera ku Magwero m'makomboni a Lusaka

Ku Chainda, komboni ya kum'mawa kwa Lusaka yoyandikana ndi Avondale, achikulire amene anakulira mu Reformed Church in Zambia amadziwa mawu amene kale ankaziziritsa munthu m'nkhongono: "Wadulidwa Mgonero." Wodulidwayo sankapirikitsidwa m'tchalitchi. Ankabwera ndithu Lamulungu n'kuimba nawo nyimbo, koma mkate ndi chikho zikamayenda, iye zinkamulambalala mpingo wonse ukuona.

Mwambowu unabwera ku Lusaka ndi anthu a kum'mawa kwa Zambia. Pa 5 Julaye 1899, amishoni awiri a Dutch Reformed Church ochokera ku Orange Free State, P.J. Smit ndi J.M. Hofmeyr, anamanga msasa pa Magwero, kufupi ndi Fort Jameson, Chipata wa lero. Mishoni ya Madzimoyo inatsegulidwa mu 1903, ya Nyanje mu 1905. Chiphunzitso chimene amishoniwa ananyamula sichinkanyengerera tchimo. Katekisma wa Heidelberg, wa mu 1563, amayamba ndi kukula kwa uchimo wa munthu, kenako chipulumutso, kuthokoza n'kubwera pomaliza. Chivomerezo cha Belgic cha mu 1561 chimaika chilango cha mpingo pamodzi ndi ulaliki ndi masakramenti monga zizindikiro za mpingo woona.

Komatu Achewa sanadikire amishoni kuti adziwe zoti cholakwa chili ndi mano. Ankaopa mdulo: mwamuna akachita chigololo mkazi wake ali ndi pakati kapena khanda lisanatengedwe kumphasa, wodwala ankakhala wina wosalakwa. Maganizo akuti tchimo la mmodzi limapweteka mudzi wonse anali kale m'mitima, ndipo mpingo unapeza munda wolima kale.

Ntchito yaikulu inagwa m'manja mwa akulu a mpingo. Mgonero ukamayandikira ankayendera nkhosa zawo khomo ndi khomo, kufunsa za m'banja, za mikangano, za amene wafulula mowa kapena wapita kudambwe kwa Nyau. Mlandu unkafika ku bwalo la akulu, m'busa ali pampando. Chigololo, mitala, kuledzera ndi kuombeza ula ndi zimene zinkabwera kawirikawiri. Wolakwa ankaimitsidwa kwa nthawi yoikika, n'kumalangizidwa kufikira tsiku lomubweza. Kubwezako ndiye kunali mtima wa mwambo wonse, ngakhale anthu amakonda kukumbukira manyazi okha.

Lusaka atakhala likulu mu 1935, anthu a kum'mawa anakhamukirako kukafuna ntchito, Chinyanja n'kukhala chilankhulo cha pamsika. Mkhristu wosamuka ankanyamula kalata ya kumpingo kwawo yonena ngati ali woyenera kudya Mgonero. Mlandu wa ku Katete unkamutsatira munthu mpaka ku Matero. Mpingowo unalandira umwini mu 1966, ndipo pambuyo pake abusa ake anayamba kuphunzirira mu Lusaka momwemo, pa koleji ya ku Chamba Valley yotchedwa dzina la Justo Mwale, m'busa woyamba wa ku Zambia mu mpingowu, wodzozedwa mu 1929.

M'komboni, kukondera kwa mwambowu kunaonekera poyera. Mimba sibisika, choncho mtsikana ankaimirira yekha pamaso pa akulu, mnyamata atazemba. Mayi wamasiye wotcheza kachasu kuti ana apite kusukulu ankadziwika ndi utsi wa kuseri kwa nyumba. Nanga mwininyumba wotaya katundu wa lendi panja mvula ikugwa, kapena wakatapira wolanda mbaula ndi mabulangete a osauka? Amenewo kawirikawiri ankadya Mgonero mitima ili zii. Kumeneku sikunali kuopa tchimo mopitirira muyeso; kunali kuopa machimo ochepa chabe, amene osauka ndi akazi sangathe kuwabisa.

Edzi inagwedezanso zinthu. Mu 1987 Kenneth Kaunda anaulula poyera kuti mwana wake Masuzyo anamwalira ndi matendawa, pa nthawi imene ambiri pa guwa ankawatcha chilango cha Mulungu. Amayi a m'mipingo amene ankasambitsa odwala m'zipinda zamdima za m'makomboni anaona ndi maso awo akazi okhulupirika akufa ndi tchimo la amuna awo. Kuloza chala wodwala kunayamba kuvuta.

Kenako zitseko zinachuluka. Frederick Chiluba analengeza pa 29 Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mipingo ya Chipentekoste inafalikira m'makalasi a sukulu ndi m'matenti. Mu Reformed Church momwemo munabuka mkangano pa za mapemphero a mausiku ndi malilime, mpaka mu 2001 abusa ena, pamodzi ndi Peter Ndhlovu wa ku Matero, anayambitsa Bible Gospel Church in Africa.

Lero wodulidwa wa ku Chainda akhoza kungowoloka msewu n'kukalandiridwa kwina popanda womufunsa kalata. M'malo ambiri akauzidwa kuti vuto lake ndi chiwanda kapena temberero la makolo, zofunika kuzichotsa ndi pemphero, osati cholakwa chake choti akapepese kwa amene anamulakwira. Mkulu wa mpingo wapanikizika: akaitana munthu ku bwalo, mwina sadzamuonanso; akangokhala chete, mkazi womenyedwa ndi mwamuna wake ayenera kumwera chikho chimodzi ndi womumenyayo, popanda wofunsa kanthu. Komabe alipo ena amene amasankha kutsala mu mpingo wawo, kukhala miyezi yawo yonse ya chilango, n'kudzaimirira pamaso pa anansi amene amatunga nawo madzi pa mpopi umodzi.