Za Galimoto ya Land Rover ndi Masipuling'i Ace

Pokumbukira zaka zapitazo, nkoyenera kuti tichulenso galimoto imene inanyamula odwala, aphunzitsi ndi katundu m'maiko ambiri a mu Africa, kumene miseu inali ya matope ndi miyala yokhayokha.

Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, Maurice Wilks, mmisiri wamkuru wa kampani ya Rover, anali ndi Jeep ya asilikari a ku America pa munda wace ku Anglesey. Poona nchito zace, anatsimikiza mtima kupanga yina yonga iyo. Ndipo Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam pa 30 April 1948. Popeza citsulo cinali cosowa ku Britain masiku amenewo, thupi lace analipanga ndi aluminiyamu. M'caka ca 1955 anyamata a ku Oxford ndi Cambridge ananyamuka ku London ndi ziwiri za izo, nafika ku Singapore mu 1956. Pamenepo mbiri yace inabuka ponseponse.

Koma cimene cinaisunga kuthengo cinali pansi pace. Thupi lonse linakhala pa masipuling'i anai, ndiwo zitsulo zazitali zaphanthiphanthi zosanjikizana. Anali ouma, ndipo wokwera anamva mwala uli wonse m'msana mwace. Komatu citsulo cimodzi cikathyoka, zinzace zinagwirabe, ndipo mmisiri wa cipala anatha kucikonza. Mdani wace anali dzimbiri. Pakuti likalowa pakati pa zitsulozo zimamatirira, ndipo galimoto igunda ngati ngolo. Cifukwa cace oyendetsa anzeru anazitsuka nazidzoza mafuta.

Mu 1970 inaturuka Range Rover, ya masipuling'i opota. Ndipo mu 1983 Land Rover 110 inalandira omwewo. Apa gudumu linatha kutsikira m'dzenje kwambiri osaleka nthaka, ndipo gudumu lokhudza nthaka ndilo likoka. Eni ace a galimoto zakale zija sanazitaya ai. Ambiri anacotsa mitolo yolemera ija naikapo masipuling'i ochedwa parabolic, a zitsulo ziwiri kapena zitatu zopyapyala kunsonga, amene kampani ya Santana ya ku Spain inaika pa Land Rover zace. Ena anakweza thupi lonse, nabveka matayala akuru.

Tsono pano pali cenjezo. Kukweza thupi sikukweza ekiselo; ico cicitika ndi matayala akuru okha, ndipo iwo alemetsa mashafuti a m'mbuyo, amene pa galimoto zakalezi sacedwa kuthyoka. Ndiponso galimoto yokwezedwa kopitirira muyeso igubuduzika msanga pa mseu wopendekeka, makamaka itasenza katundu pamwamba. Munthu wofuna kuoloka dambo limodzi akhoza kutaya anthu ace onse pa phiri.

Akale anadalira ndodo ziwiri za pambali pa giya: ya mutu wacikasu yokoketsa magudumu onse anai, ndi ya mutu wofiira yopatsa giya yamphamvu yoyenda pang'onopang'ono. Anadziwa kuti kuthamanga sikufika. Anatsika nayesa kuya kwa mtsinje ndi ndodo asanalowemo.

Land Rover ya maonekedwe akale inaleka kupangidwa ku Solihull mu January 2016. Zotsalazo ziri m'manja mwa amisiri. Ndipo iye wozikonza akumbukire kuti pa zitsulo zimenezo pakhala miyoyo ya anthu.