Maina a Akasinja ndi Ntchito ya Azondi pa Nkhondo

Liwu limene Angerezi amatchulira kasinja linayamba ngati chinyengo. M'chaka cha 1915, pamene dziko la Britain linkasula mwachinsinsi galimoto zachitsulo zotha kuwoloka ngalande za adani, akuluakulu anazitcha "tank" kuti azondi a Germany aziyesa ndi mathanki a madzi. Zidazi zinaonekera koyamba ku Somme pa 15 Seputembala 1916, ndipo dzina lobisiralo linakhazikika mpaka lero. M'Chichewa zinthu ziwirizi n'zosiyana: thanki ndi ya madzi, kasinja ndi wa nkhondo.

Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, azondi ankafuna kudziwa kukhuthala kwa chitsulo, mphamvu ya mzinga ndi chiwerengero cha akasinja a mdani. Umboni wodalirika unali kasinja wogwidwa. Mu Epulo 1943 asilikali a Britain analanda Tiger 131 ku Tunisia, namutumiza kwawo kuti akatswiri akamuunike. Nawonso Ajeremani, atadzidzimuka ndi T-34 wa Soviet Union mu 1941, anamuunika bwino asanapange Panther, amene anamenya nkhondo koyamba ku Kursk mu 1943.

Komabe malipoti ochokera kunkhondo ankasokonekera pa maina. Asilikali a Soviet Union ankatcha "Ferdinand" pafupifupi galimoto iliyonse yachitsulo ya Germany yonyamula mzinga waukulu, chikhalirecho a Ferdinand enieni anali pafupifupi 90 okha. Ku Normandy mu 1944, Panzer IV ankatchulidwa kawirikawiri kuti Tiger. Dzina limodzi likaphimba zida zingapo, olamula nkhondo ankayesa mdani kukhala woopsa koposa m'mene analiri.

Kumasulira nako kunali ndi misampha. Liwu la Chijeremani lakuti Königstiger ndi dzina la chilombo chamizeremizere cha ku Bengal, koma linamasuliridwa liwu ndi liwu kukhala "King Tiger". Mavuto a maina analiponso pakati pa mayiko ogwirizana. Amereka anali ndi akasinja awiri osiyana, wopepuka ndi wolemerapo, onse otchedwa M3. Angerezi anawasiyanitsa ndi maina a akazembe: wopepuka anakhala Stuart, wolemerapo anakhala Lee kapena Grant.

Pamene maina analephera, manambala anathandiza. Akatswiri a masamu anasonkhanitsa manambala odindidwa pa zitsulo za akasinja ogwidwa ndi owonongedwa. Za mwezi wa Ogasiti 1942, azondi anati Germany inapanga akasinja 1,550. A masamu anati 327. Nkhondo itatha, mabuku a Germany anaonetsa 342.

Olemba, akonzi ndi aphunzitsi amene amakumana ndi maina a zidazi achita bwino kuwasiya m'kalembedwe kake, monga T-34 ndi Königstiger, n'kufotokoza m'Chichewa kuti chidacho n'chotani, kusiyana ndi kuwamasulira liwu ndi liwu kapena kutchula zida zosiyana ndi dzina limodzi.