Maikolofoni ya woimba pa bandi: yoyenera pa Limbuli

Maikolofoni ya woimba, imene ambiri amangoti maiki, ndi chipangizo chosandutsa mawu a munthu kukhala mphamvu yochepa ya magetsi, yomwe mikisa ndi ampulifaya zimaikulitsa n'kuitumiza ku masipika. Pa zida zonse za bandi ndiyo yaing'ono, ndipo kawirikawiri imagulidwa pomaliza, ndalama zitathera kale pa masipika, kiyibodi ndi magitala. Pa Limbuli, msika waukulu wa m'boma la Mulanje umene uli pa msewu wa M2 kufupi ndi chipata cha Muloza, moyang'anana ndi Milange wa ku Mozambique, nyimbo zimaimbidwa pabwalo, m'matchalitchi a denga la malata, m'maholo a sukulu, pa maukwati ndi pa misonkhano ya chitsitsimutso. M'malo otere ubwino wa maikolofoni umaonekera pa zimene imakana kutola: ng'oma zimene zili kumbuyo kwa woimba, phokoso la jenereta, ndi mawu ake omwe akabwerera kuchokera m'masipika. Imene imakwanitsa ntchito imeneyi pa mtengo wotheka ndi ya mtundu wa dynamic, yomvera kwambiri kutsogolo, yachingwe, ndipo ikhale yeniyeni.

Choyamba kuganizira ndi mtundu wake, ndipo mitundu ikuluikulu ilipo iwiri. M'kati mwa ya dynamic muli kachikopa kopyapyala komatidwa ku koyilo ya waya wopyapyala ngati tsitsi, ndipo koyiloyo ili pakati pa maginito. Mawu akagwedeza kachikopako, koyilo imayenda m'maginito n'kupanga yokha magetsi. Siifuna batire kapena mphamvu ina iliyonse. Ya condenser ili ndi kachikopa kopepuka kwambiri koyandikana ndi kachitsulo kosasuntha, ndipo kuti igwire ntchito imafuna magetsi, nthawi zambiri mavoti 48 ochokera mu mikisa, amene amisiri amawatcha phantom power. Chifukwa cha kupepukako imatola ngakhale kupuma kwa woimba, n'chifukwa chake ndiyo imapezeka m'masitudiyo a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Woimba amene anajambulapo nyimbo kumeneko akanena kuti condenser imamveka bwino, akunena zoona. Koma mu situdiyo amaimba yekha m'chipinda chotsekedwa, zoimbira akuzimvera m'makutu. Pa siteji, khutu lakuthwa lomwelo limatola ng'oma, besi ndi mawu obwerera ku malata. Palinso nyengo. Mulanje ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi, ndiye chifukwa chake tiyi amachita bwino kumeneko, ndipo ngakhale m'miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsa mpweya. Chinyezi chikakhala pa kachikopa ka condenser, mawu amayamba kuthetheka. Ya dynamic imapirira chinyezi, fumbi la mu Okutobala ndi kugwedezeka kwa pa lole kapena pa kabaza.

Chachiwiri, ndipo chachikulu kuposa dzina la kampani, ndi mbali imene maikolofoni imamvera. Kulira koboola makutu kuja, kumene kumachititsa anthu kutembenukira kwa woyendetsa mikisa, kumabwera pamene mawu otuluka mu sipika alowanso mu maikolofoni, n'kukulitsidwa, n'kutulukanso, mozungulira choncho. Maikolofoni ya cardioid imamva kwambiri kutsogolo, pang'ono m'mbali, ndipo kumbuyo kwenikweni, kumene kuli chingwe, ndi ngati gonthi. Choncho sipika yapansi imene woimba amadzimverapo iyenera kukhala kutsogolo kwake, kuloza kumchira kwa maikolofoni. Ya supercardioid imapanikiza kwambiri m'mbali, zimene zimathandiza pa siteji yopapatiza pamene woimba ali pafupi ndi wa ng'oma, koma imamvako pang'ono kumbuyo. Malo ake ogontha ali chammbali, pa madigiri pafupifupi 125 kuchokera kutsogolo, ndiye sipika yapansi iyenera kusunthidwira kumeneko. Bandi imene yagula supercardioid yodula n'kusiya masipika pamalo akale imadabwa kuti kulira kwawonjezeka, n'kuyamba kuimba mlandu wogulitsa.

Kukana mawu akumbuyoku kumatheka chifukwa cha timabowo timene tili kuseri kwa kachikopa. Woimba akafumbata mutu wa maikolofoni, monga achinyamata ambiri amachitira potengera mavidiyo, amatseka timabowo timeneti ndipo maikolofoni imayamba kumva mbali zonse. Kutalikirana kwa pakamwa ndi maikolofoni nakonso kuli ndi masamu ake: kuchepetsa mtunda ndi theka kumawonjezera mphamvu ya mawu ndi madesibelo pafupifupi 6, popanda kukhudza mikisa. Woimba woyandikira amapatsa woyendetsa zida mpata wotsitsa voliyumu, ndipo kulira kumatha. Kuyandikira kumanenepetsanso mawu apansi, zimene zimakometsa liwu lopyapyala koma zimatha kusokoneza liwu la besi ngati mikisa sinachepetseko.

Muyeso umene maikolofoni ena onse amafanizidwa nawo ndi Shure SM58, imene kampani ya ku America ya Shure inatulutsa mu 1966 ndipo ikupangidwabe. Ndi dynamic ya cardioid, imatola mawu kuyambira pa 50 kufika pa 15,000 Hz, imalemera magalamu 298, ndipo imakweza pang'ono mawu apakati chakumtunda, pamene pamamvekera zilembo. Izi n'zofunika kwa Amalawi, amene nyimbo zawo, za uzimu ngakhale za reggae, amazikondera uthenga. Mutu wake wa waya umapindika ikagwa, n'kuteteza za m'kati, ndipo umamasulidwa, kuchapidwa kapena kusinthidwa. Sennheiser e835 ya ku Germany imagwira ntchito yomweyo ndi mawu owala pang'ono. Shure Beta 58A ndi Sennheiser e945 ndi za supercardioid, zodulirapo. Palibe mwa izi imene imakomera liwu lililonse. Mtsikana wa liwu lakuthwa angamveke bwino pa SM58 kuposa pa Beta 58A, pamene bambo wa liwu lolemera angafune yowalayo. Woimba aiyese yekha, ndi nyimbo yake, pa sipika yokwezedwa ngati ya pa dansi, osati kungoti "wani, thu" m'sitolo.

Chotsutsa champhamvu ndi mtengo. Kunja SM58 yakhala ikugulidwa pafupifupi madola 100 kwa zaka zambiri, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wotere anatalikira bandi ya achinyamata odalira ganyu m'minda ya tiyi kapena geni ya pamsika. Apa ndi pamene za chinyengo zimalowera. SM58 ndi imodzi mwa maikolofoni okopedwa kwambiri pa dziko lonse, ndipo yabodza imabwera ndi bokosi, kachikwama ndi dzina zofanana ndi yeniyeni. Imadziulula pa ntchito: imapepuka m'manja, imagunda mu sipika ukangosuntha zala, ndipo imayamba kulira voliyumu isanafike patali. Mtengo wotsika mopitirira ndiwo umboni woyamba. Amene ndalama zamuchepera achita bwino kugula yotsika mtengo ya dzina lake lenileni, monga Behringer XM8500, kusiyana ndi yabodza yovala dzina lalikulu. Bandi ingathenso kugula yeniyeni imodzi ya mtsogoleri, ovomera n'kuyamba ndi zotsika.

Ena amati masiku ano chofunika ndi yopanda chingwe, kuti woimba avine ndi kutsikira kwa anthu. Ufulu umenewo ndi weniweni, koma uli ndi mtengo wake. Pa ndalama zofanana, gawo lalikulu la yopanda chingwe limapita ku wailesi yotumiza ndi yolandira, ndipo kachikopa kotola mawu kamakhala kotsika. Imadya mabatire, imaduka mawu batire ikafooka, ndipo ziwiri zotchipa zikakumana pa mafunde amodzi, monga zimachitikira ukwati ukayandikana ndi msonkhano wa mapemphero, zimalowererana. Chingwe cha XLR cha mapini atatu chimanyamula mawu mamita ambiri osatola kung'ung'udza kwa magetsi, ndipo chikaduka wokonza mawailesi amachilumikiza. Chenjezo limodzi lokhudza moyo: zida zikamayendera jenereta popanda waya wapansi, magetsi angathe kugwira woimba pamilomo kudzera pa mutu wa maikolofoni, makamaka ngati wagwira zingwe za gitala kapena waima ponyowa. Vuto limenelo ndi la mawaya, ndipo likonzedwe nyimbo zisanayambe.

Kunja kwa situdiyo, pali malo amodzi pamene condenser imapambana: kwaya yaikulu yoimba m'tchalitchi popanda ng'oma zamphamvu, imene iyenera kutoledwa chapatali ndi maikolofoni awiri kapena atatu. Imeneyo ndi ntchito ina. Kwa woimba woima kutsogolo kwa ng'oma, besi ndi kiyibodi pa Limbuli, ndalama zipite ku dynamic ya cardioid yeniyeni, zingwe ziwiri za XLR, choimikapo cholimba, ndi kabokosi kouma kosungiramo.