Augmented Reality: Zithunzi Zimene Foni Imaika Pamwamba pa Zinthu Zenizeni

Amene amaonera mpira pa TV amaudziwa mzere uja umene umaoneka pabwalo pofuna kusonyeza ngati wosewera anali ofusayidi. Mzerewo pabwalo palibe. Osewera sauona, olo anthu amene ali m'bwalomo sauona. Ndi kompyuta imene imaujambula pamwamba pa cithunzi ca bwalo lenileni, ndiye umaoneka ngati wagona pa udzu. Makutu a galu amene acinyamata amadziika pa TikTok kapena Snapchat nawonso ndi a mtundu womwewo. Luso limeneli pa Cingelezi amati augmented reality, mwacidule AR, ndipo pa Cipwitikizi amati realidade aumentada. Tanthauzo lake ndi kuwonjezera zithunzi, mawu kapena manambala pa zinthu zenizeni zimene kamera ikuona nthawi yomweyo.

Linayamba kale ndithu. Mu 1968, Ivan Sutherland wa ku yunivesite ya Harvard ku America anapanga magalasi ovala kumutu amene ankaonetsa mizere ya kompyuta ngati ikuyandama m'cipinda. Dzina lakuti augmented reality linabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku kampani yopanga ndege ya Boeing. Kumeneko Tom Caudell ndi David Mizell ankafuna kuti olumikiza mawaya a ndege aziona njira ya waya aliyense pagalasi, m'malo momangoyang'ana pamapepala. Anthu wamba ambiri analidziwa mu 2016, pamene masewera a pafoni a Pokémon Go anatuluka.

Kodi foni imatha bwanji zimenezi?

Coyamba, kamera imajambula zithunzi pafupifupi 30 pa sekondi imodzi. Pacithunzi ciliconse pulogalamu imafufuza timadontho tosavuta kuzindikira: ngodya ya tebulo, mng'alu wa pakhoma, m'mphepete mwa cilembo. Mukasuntha foni, timadonthoto timasunthanso pacithunzi, tapafupi msanga, tapatali pang'onopang'ono, monga mmene zimakhalira m'basi kuti mitengo ya m'mbali mwa msewu imathamanga pamene phiri likungotsalira pang'ono. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumauza foni kuti ici cili pafupi, ico cili patali.

Mkati mwa foni mulinso tizipangizo timene timamva ngati foni yapendekeka, yatembenuka kapena yagwedezeka. Pulogalamu imaphatikiza zimene kamera yaona ndi zimene tizipangizoti tamva, n'kuwerengera pamene foni ili. Kenako imajambula cithunzi cowonjezeraco pamalo oyenera, ndipo imacijambulanso mwatsopano pa cithunzi ciliconse ca kamera. N'cifukwa cake cimaoneka ngati cakhazikika pamalo amodzi inu mukuyenda. N'cifukwa cakenso batire limatha msanga ndipo foni imatentha.

Foni siidziwa kuti ici ndi tebulo monga mmene inu mumadziwira. Imangoyerekeza. Ilozetseni pakhoma loyera lopaka laimu, kapena m'nyumba mwa mdima, muona cithunzi cija cikutsetsereka cifukwa timadontho togwira tasowa.

Phindu lake kuno kwathu

Pa Kalomwe, pamalire ndi Dedza, katundu amacokera mbali zonse ziwiri. Botolo la mankhwala opopera kacewere likacokera ku Ulongwe kapena ku Tete, nthawi zambiri malangizo ake amakhala m'Cipwitikizi. Likadutsa malire kucokera ku Malawi, amakhala m'Cingelezi. Mlimi amene anaphunzira cilankhulo cimodzi cokha amasowa pogwira ndi cinaco. Pulogalamu ya Google Translate ili ndi mbali ya kamera: mukaloza pacikalata, mawu acilendowo amafufutika pagalasi la foni, ndipo pamalo pomwepo pamabwera mawu omasuliridwa. Cicewa cinalowa m'pulogalamuyi mu 2014.

Koma apa mpofunika maso awiri. Mawu omasuliridwawo amaoneka bwino, ngati anasindikizidwa pabotolo pomwepo, ndiye munthu amawakhulupirira msanga. Pamene botolo ndi lozungulira, cikalata cinapsa ndi dzuwa, kapena dzanja likunjenjemera, foni ikhoza kuwerenga 1 pamene pali 7, kapena kudumpha kamkhwiringa ka pa 2,5 n'kuonetsa 25. Pa mlingo wa mankhwala, kusiyana kumeneko n'kokwanira kuwotcha munda. Manambala muziwawerenga nokha pabotolo lenilenilo, ndipo za masiku oyenera kudikira musanakumbe mbatata muzifunsa alangizi a zaulimi.

Palinso pulogalamu ya PlantVillage Nuru, imene inapangidwa ku yunivesite ya Penn State ku America mothandizana ndi mabungwe monga FAO ndi IITA. Mlimi amaloza kamera patsamba, ndipo pagalasi pamaoneka kabokosi kozungulira pamene padwala, ndi dzina la matendawo. Imazindikira matenda a cinangwa komanso pamene padyedwa ndi mbozi zija zimene zinayamba kuwononga cimanga kumwera kwa Africa kuno ca m'ma 2017. Cabwino cake n'cakuti imagwira nchito popanda intaneti ikangolowetsedwa m'foni.

M'zipatala zina za kunja ali ndi kacipangizo ka AccuVein, kamene kamaunika mkono ndi kuwala kosaoneka ndi maso, n'kujambula misempha ya magazi pakhungu pomwepo kuti namwino abaye pamalo oyenera. Amisiri nawo amagwiritsa nchito mapulogalamu oyezera utali: mumagwira kadontho pangodya imodzi ya citseko, kena pangodya ina, foni n'kukuuzani masentimita. Poyerekeza cabe ndi bwino, koma kalipentala wodula thabwa lodula mtengo atengebe tepi yake.

Si foni iliyonse imene ingathe zonsezi. Zoyezera utali ndi zoika zinthu m'cipinda zimafuna foni yamphamvu, imene ili ndi ARCore ngati ndi ya Android, kapena ARKit ngati ndi iPhone. Zomasulira mawu ndi kamera zimayenda pa mafoni ambiri a Android, olo otsika mtengo, bola kamera ikhale yopukuta bwino ndipo cikalata cikhale poyera. Ngati netiweki kumunda imavuta, jambulani cikalataco cili cowongoka, mudzacimasulire mukafika pamene pali intaneti.