Mapu Ojambulidwa ndi Anthu Wamba

Omvera ambiri amene adapitako ku sukulu akukumbukira mapu aja aphunzitsi ankapachika pakhoma. Padali nyanja, mitsinje, mapiri ndi mizinda ikuluikulu. Koma mudzi wa mwana woyang'ana mapuwo, chitsime cha pamudzipo ndi njira yopita kuchigayo sizinkaonekapo. Nkhani ya lero ndi ya anthu amene adaganiza zojambula okha mapu a dziko lonse lapansi popanda malipiro, ndi m'mene adaphunzirira kuti mapu oona amalira eni ake a malo ndiponso munthu wina woyang'ana ntchito ya mnzake.

CHIYAMBI CHAKE KU LONDON

Kwa zaka zambirimbiri kujambula mapu idali ntchito ya maboma ndi ankhondo. Ku Britain bungwe la Ordnance Survey, limene lidayamba m'chaka cha 1791, linkatulutsa mapu abwino kwabasi. Koma ngakhale ntchitoyo idakula ndi ndalama za msonkho, munthu wamba sankaloledwa kukopera mapuwo popanda kulipira.

Mu Meyi 2000 boma la America lidaleka kusokoneza dala zizindikiro za GPS, imene ndi njira yodziŵira pamene munthu waima mothandizidwa ndi masetilaiti a mumlengalenga. Kachipangizo ka m'manja kamene kale kankatha kuphonya ndi mamita 100 kadayamba kuphonya ndi mamita oŵerengeka chabe. Chaka chotsatira kudabadwa Wikipedia, buku la pa intaneti limene munthu aliyense amaloledwa kulembamo ndi kukonzamo zolakwa.

Mnyamata wina wa ku Britain, Steve Coast, amene ankaphunzira pa University College London, adaona kuti zimene zidatheka ndi buku zingathekenso ndi mapu. Mu Ogasiti 2004 adayambitsa OpenStreetMap. Munthu ankakwera njinga atatenga GPS, nkumalemba maina a miseu m'kabuku. Pobwera kunyumba ankaloŵetsa ulendo wake wonse mu kompyuta, ndipo mzere uliwonse unkasanduka mseu pa mapu amene aliyense adali ndi ufulu woŵatenga kwaulere. Mu Meyi 2006 gulu la anthu otere lidakumana pa chilumba cha Isle of Wight, kumwera kwa England, ndi kugaŵana miseu ya pachilumbapo. Mu Disembala chaka chomwecho kampani ya Yahoo idalola kuti zithunzi zake zojambulidwa kuchokera m'mwamba zigwiritsidwe ntchito, kotero kuti munthu ankatha kulondola mseu wa dziko lakutali ali khale m'nyumba mwake.

Akatswiri ambiri ankakayika ngati mapu a anthu osaphunzira ntchito yoyeza malo angadalirike. Muki Haklay, mphunzitsi wa pa koleji yomwe ija ya ku London, adaŵayerekeza ndi mapu a Ordnance Survey, ndipo zimene adapeza zidasindikizidwa m'chaka cha 2010. Miseu yambiri idangosiyana ndi ya boma ndi mamita pafupifupi 6. Koma adapezanso kuti madera a anthu osauka adali atajambulidwa pang'ono poyerekeza ndi a anthu opeza bwino. Ojambulawo ankajambula kwao ndi kumene ankakonda kuyenda, ndipo ambiri mwa iwo adali anthu okhala ndi kompyuta ndi nthaŵi yapadera.

KIBERA NDI HAITI

Vuto lomweli lidaonekera poyera ku Kibera, dera lothithikana la mu mzinda wa Nairobi ku Kenya, kumene kumakhala anthu zikwizikwi koma pa mapu ambiri padalibe kanthu. Mu Novembala 2009 Erica Hagen ndi Mikel Maron adaphunzitsa achinyamata 13 a komweko kagwiritsidwe ntchito ka GPS. Achinyamatawo adalemba mipopi ya madzi, zimbudzi, sukulu, zipatala ndi nyumba zopemphereramo, pakuti ankadziŵa kanjira kalikonse ndi dzina limene eni ake amakatchula. Chithunzi cha m'mwamba chikadangoonetsa madenga a malata okhaokha.

Pa 12 Januwale 2010 chivomezi chachikulu chidagumula mzinda wa Port-au-Prince ku Haiti. Opulumutsa anthu ochokera kunja adafika mu mzinda umene udalibe mapu abwino. Makampani a GeoEye ndi DigitalGlobe adapereka zithunzi zatsopano za setilaiti, ndipo anthu pafupifupi 600 a m'maiko osiyanasiyana adayamba kujambula usana ndi usiku. Adasonyeza miseu yotsekeka, nyumba zogumuka ndi misasa ya anthu osoŵa pokhala. Pasadathe milungu ingapo magulu opereka chithandizo adali kuyendera mapu ameneŵa. M'chaka chomwecho kudakhazikitsidwa bungwe la Humanitarian OpenStreetMap Team, limene ambiri amangolitcha HOT, kuti lizisonkhanitsa ojambula pa nthaŵi ya ngozi.

Komabe ku Haiti kudaonekanso chisokonezo. Anthu aŵiri, wina ku Ulaya wina ku America, ankatha kujambula mseu womwewo pa ola lomwelo, mseuwo nkuoneka kaŵiri, pamene dera loyandikana nalo lidalibe wolisamala. Pofuna kuthetsa zimenezi, m'chaka cha 2011 kudapangidwa chida chotchedwa Tasking Manager, chimene chimadula dera m'tizigawo tating'onoting'ono, monga m'mene alimi amagaŵirana ndime m'munda. Munthu akatenga kachigawo kake, wina sangakagwire kufikira iye atatsiriza. Akatsiriza, kamabwera m'manja mwa wojambula wozoloŵera ntchito, amene amaona ngati nyumba zonse zajambulidwa, ngati ngodya zake zili zoongoka, ndiponso ngati miseu yalumikizana pamphambano. Ntchito ikakhala yosalongosoka amaibweza, nalembera mwini wake mau omulangiza.

Kulumikiza miseu kumaoneka ngati kanthu kochepa, koma kompyuta yolozera galimoto njira siingadumphe mpata ngakhale wa mita imodzi. Miseu iŵiri ikalephera kukumana pa mapu, ambulansi ingathe kutumizidwa njira yozungulira pamene yachidule ilipo.

MALAMULO A OJAMBULA

Pofika Januwale 2013 anthu olembetsa maina ao ku OpenStreetMap adakwana miliyoni imodzi. Khamu lotere silikadayenda popanda mwambo. Lamulo lalikulu ndi lakuti pa mapu pazilembedwa chimene munthu wina angapite nkukachiona ndi maso pamalopo. Maina akatsutsana, limapambana ndi limene lalembedwa pachikwangwani kapena limene anthu a kumeneko amatchula. Lina ndi loletsa kukopera mapu a eni ake. Chinanso n'chakuti chilichonse chimene munthu wasintha chimasungidwa pamodzi ndi dzina lake ndi tsiku lake, kotero kuti cholakwa chingathe kulondoledwa ndi kubwezedwa. Mu Ogasiti 2018 munthu wina adasintha dzina la mzinda wa New York nkulembapo mau onyoza Ayuda. Ojambula anzake adalibwezeretsa tsiku lomwelo, koma makampani ena amene adali atatenga kale mapuwo adadzaonetsa chipongwecho kwa anthu ao patapita milungu.

Mu Novembala 2014 mabungwe a Red Cross a ku America ndi ku Britain, madokotala a Médecins Sans Frontières ndi HOT adayambitsa ntchito ya Missing Maps, cholinga chake kujambula madera osauka ngozi isadagwe. Adaigaŵa patatu: akutali alondole nyumba ndi miseu pa zithunzi, a pamalopo aonjeze maina ndi kukonza zophonyeka, kenaka opereka chithandizo agwiritse ntchito mapuwo. Nzeru imeneyi idatsimikizika ku Nepal pa chivomezi cha pa 25 Epulo 2015. Anthu zikwi zingapo, ambiri a iwo achilendo pa ntchitoyi, adathamangira kujambula, ndipo zolakwa zidachuluka. Chidathandiza n'chakuti gulu la Kathmandu Living Labs, lotsogoleredwa ndi Nama Budhathoki, lidali litayamba kale kulemba sukulu ndi zipatala za mu mzinda wa Kathmandu, ndipo lidatha kuuza akutaliwo madera ofunika kuyambira.

KU CHIGWA CHA SHIRE

M'chaka cha 2014 bungwe la HOT, mothandizidwa ndi World Bank, lidagwira ntchito ku Malaŵi pamodzi ndi dipatimenti yoyeza malo ndi dipatimenti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Lidaphunzitsa Amalaŵi kujambula midzi, miseu ndi nyumba za m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, kumene madzi amasefukira kaŵirikaŵiri. Patangopita miyezi yoŵerengeka, mu Januwale 2015, kudagwa mvula yoopsa. Boma lidalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, anthu oposa 200,000 adathaŵa m'nyumba zao, ndipo dera la Makhanga lidazingidwa ndi madzi. Ofuna kudziŵa midzi imene idamira adali ndi poyambira. Mu Malichi 2019, namondwe wa Idai atasakaza ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malaŵi, ojambula a m'maiko ambiri adagaŵananso tizigawo ta madera okhudzidwawo.

M'midzi ya kuno ntchitoyi ili ndi zovuta zake. Denga la malata limaŵala pachithunzi, koma la udzu limafanana ndi nthaka, ndipo nyumba ya pansi pa mtengo wa mango siioneka konse. Mlendo wa ku Ulaya angathe kuŵerenga nkhokwe kapena khola ngati nyumba ya anthu, motero chiŵerengero cha mabanja ofuna chakudya chingalakwike. Chithunzi chojambulidwa m'chilimwe chimaonetsa mseu wodutsa pakhwaŵa louma, osanena kuti m'dzinja galimoto siingaoloke. Sichinganenenso kuti mjigo uwu udaonongeka, kapena kuti mudzi uwu udasamukira kumtunda. Pajatu akuluakulu adati safunsa adadya phula. Wojambula wanzeru amafunsa nyakwaŵa, mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo ndi amai otunga madzi.

Mapu a pepala akasindikizidwa amakhala momwemo kufikira atang'ambika, pamene dziko limasinthabe. Mitsinje ya Shire ndi Ruo imasuntha magombe ake, milatho imakokoloka, misika yatsopano imamera m'mbali mwa miseu. Namondwe wa Freddy, amene adapha anthu oposa 600 m'Malaŵi mu Malichi 2023, adafafaniza nyumba zambiri ku Chilobwe mu Blantyre ndi m'midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe. Pambuyo pa ngozi yotere mapu adzulo amakhala onama kufikira wina ataŵakonza. Ndipo wokonzayo angathe kukhala wophunzira wa ku koleji, namwino kapena mlimi amene ali ndi foni ya intaneti, malinga adziŵe dzina loona la mudzi wake ndi pamene njira imadutsa lero.